Phunziro 6: Mwala Uwu Unautola Kuti?

SABATA MASANA

WERENGANI SABATA INO: Yoswa 4, Yobu 28 ndi 38:1-7, 1 Petro 2:1-10.

VESI LOLOWEZA: Yoswa 24:27.

GANIZO LALIKULU: Mwala sunama, koma munthu amene waunyamula angathe kuunamizira. Mulungu afuna kuti pogwira zinthu zimene Iye analenga, ife tikhale mboni zoona.

MIYALA TIIDZIWA TONSE. Woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, akafika pa Nathenje, amaona amai atakhala padzuwa, hamala ili m'manja, akuphwanya miyala yogulitsa pa wilibala kwa omanga nyumba. Wa ku Mitundu akatuluka m'nyumba mamawa amalonjeredwa ndi phiri la Bunda. Pamoto pathu pali mafuwa atatu, ndipo agogo athu anali ndi mphero. Chifukwa cha kuizolowera, miyala sitiifunsa kanthu.

Koma alipo anthu ena amene ntchito yao ndiyo kutola miyala, kuilemba manambala ndi kuisunga m'makabati monga momwe ife timasungira makalata a munda. Pakati pa miyala imene iwo amaifunitsitsa pali wina wosowa kwambiri wotchedwa komatiite, umene kale unali chiphalaphala cha moto, dziko lapansi likali pa chiyambi chake. Sabata ino tiphunzira za mwala umenewu ndi za anthu outola. Tiona kuti funso loyamba limene iwo amafunsa akapatsidwa mwala ndi lomwenso Baibulo limatifunsa ife: mwala uwu unautola kuti?

TSIKU LOYAMBA: Mwala Wochokera M'moto (Yobu 28:1-11)

Kodi Yobu akuti pansi pa nthaka imene imatipatsa chakudya pali chiyani? Yobu 28:5, 6.

Chaputala ichi chikutionetsa munthu wa mumgodi, wotsikira mumdima pa chingwe, wotema ngalande m'matanthwe. Yobu anadziwa kuti pansi pa munda wa tirigu pali ntchito ya moto. Ife tinamvapo za moto wotere pa wailesi mu 2002 ndi mu 2021, pamene phiri la Nyiragongo ku Congo linaphulika, chiphalaphala n'kutsikira ku nyumba za anthu a ku Goma.

Mu 1969 mapasa awiri a ku South Africa, Morris ndi Richard Viljoen, analongosola mwala wachilendo umene anaupeza m'mapiri a Barberton, pafupi ndi malire a dziko la Eswatini. Anautcha komatiite potengera dzina la mtsinje wa Komati umene umadutsa m'deramo. Pankhope pake mwalawu uli ndi mizere italiitali yopingasana, yonga udzu wogwetsedwa ndi mphepo, ina yotalika kuposa chikhatho cha munthu. Akatswiri amaitcha mizereyi spinifex, dzina la udzu wina wolasa wa ku Australia. Imapangika pamene chiphalaphala chotentha kopambana chikuzizira pafupi ndi pamwamba pake.

Chiphalaphala cha mapiri ambiri ophulika masiku ano chimatentha madigiri 1,100 mpaka 1,200. Cha komatiite chinafika pa madigiri 1,600, kutentha kumene uvuni wa njerwa sufikako n'komwe, ndipo chinkayenda mopyapyala ngati mafuta ophikira. Lero palibe phiri limene likutulutsa chiphalaphala chotere, pakuti m'kati mwa dziko munazizirako. Ndicho chifukwa chake mwalawu ndi wosowa: ng'anjo imene inauumba sikutenthanso monga kale.

Taonani tsono kumene Yobu akumalizira nkhani yake. Munthu watulukira njira ya ku siliva ndi golidi, koma njira ya ku nzeru sanaipeze m'matanthwe. Werengani Yobu 28:12, 28. Kukumba ndi kufufuza Yobu sakukudzudzula, akukuyamikira. Chimene akukana ndi chakuti munthu aziyesa kuti popeza wadziwa za mwala ndiye kuti wadziwanso kukhala bwino pamaso pa Mwini mwalawo.

Kodi ndi liti pamene munaima n'kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi cholengedwa kufikira mtima wanu unadzala ndi mantha oyera?

TSIKU LACHIWIRI: Miyala Khumi ndi Iwiri (Yoswa 4:1-9, 19-24)

Lembani zinthu zinayi zimene Baibulo latisungira zokhudza miyala ya pa Giligala: anaitola ndani, anaitola pati, tsiku lanji, ndipo chifukwa chiyani? Yoswa 4:2, 3, 6, 7, 19.

Miyala imene Aisrayeli ananyamula pa mapewa inali miyala wamba ya mumtsinje, yofanana ndi imene tingatole mu Nathenje kapena mu Diamphwe madzi akaphwa. Sinali yonyezimira. Ulemerero wake unali wakuti inachokera pamalo penipeni pamene anaima ansembe onyamula likasa, pakati pa Yordano, pa tsiku lakhumi la mwezi woyamba. Mwala wina wooneka chimodzimodzi, wotoledwa pa mtunda, sukanayenera kuikidwa pa mulu umenewo.

Otola miyala ya maphunziro amatsata lamulo lomweli. Katswiri akagumula chidutswa cha komatiite, asanachoke pamalopo amachilemba nambala ndi penti, nalemba m'kabuku malo ake enieni, tsiku, mbali imene inali kumwamba, ndi miyala imene inali pansi ndi pamwamba pake. Akafika ku sukulu yake amacheka kachidutswa, nakaperesa pa galasi kufikira katapyapyala mamilimita 0.03, kuti kuwala kudutse, ndipo amakayang'ana pa makina okuzira zinthu. Kabuku kaja kakatayika, mwalawo wasanduka wosalankhula. Ungakhale wokongola chotani, sungathenso kuchitira umboni pa mlandu uliwonse.

Malo ena otchuka ndi mwala umenewu ali m'mapiri a Belingwe, pafupi ndi Zvishavane ku Zimbabwe, kumene komatiite anasungika bwino kuposa malo ambiri pa dziko lapansi. Zvishavane ndi Shabani uja wa mgodi wa asibesitosi kumene anthu ambiri a kwathu kuno anakagwira ntchito, ena n'kutchona komweko. Mwina agogo a wina m'kalasi muno anapondapo miyala imeneyi popita kukaona anzao, osadziwa kuti tsiku lina ophunzira adzaoloka nyanja kudzaifuna.

Zidzukulu za matchona amenewo zimadziwa kuwawa kwa kukhala mwala wopanda kalata. Wina amangodziwa kuti agogo anachokera ku Nyasaland, koma mudzi, mfumu ndi boma sazidziwa, chifukwa panalibe amene anamuuza. Yoswa anaoneratu ngozi yotereyi. Anati ana adzafunsa, ndipo makolo akhale ndi yankho lokonzeka.

Kodi ana a m'nyumba mwanu amadziwa mmene uthenga unafikira m'banja lanu, ndani anayamba kusunga Sabata, ndipo zinamutengera zotani? Ngati simunawauze, mudzawauza liti?

TSIKU LACHITATU: Miyala Iwiri M'thumba Limodzi (Deuteronomo 25:13-16, Eksodo 20:16)

Kodi Mulungu amamuona bwanji munthu wokhala ndi miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira? Deuteronomo 25:16, Miyambo 11:1.

M'Chihebri liu limene latanthauzidwa kuti muyeso m'ndime izi ndi mwala, pakuti amalonda a nthawi imeneyo ankayeza katundu ndi miyala yosungidwa m'thumba. Alimi a ku Mitundu safunika kuwamasulira zambiri. Amadziwa mmene thumba la soya kapena la mtedza limapepukira likafika pa sikelo ya wogula wina wosaopa Mulungu.

Miyala yosowa nayonso ili ndi msika wake. Ku phiri la Malosa, kufupi ndi Zomba, anthu amakwera m'maphompho kukakumba miyala yakuda yosongoka yotchedwa aegirine, imene osunga miyala a ku Ulaya ndi ku America amaikonda kwambiri. Pamene pali ndalama, bodza silichedwa kufika. Wogula anganyoze mwala wabwino kuti autenge motchipa kwa wokumba wosauka. Wogulitsa angatchule phiri lotchuka pa mwala umene anautola kwina. Ndipo m'midzi yathu tamvapo za mabanja amene anagulitsa mbuzi ndi njinga pogula mwala wonyezimira umene mlendo wina anati ndi chuma, n'kupezeka kuti ndi galasi chabe. Safunsa anadya phula. Amene wapeza mwala wachilendo akafunse ku nthambi ya boma yofufuza za miyala, imene likulu lake lili ku Zomba, asanakhulupirire za pa msika.

Koma bodza loopsa kwambiri ndi lija lotikomera ife eni. M'zaka za m'ma 1930, nthawi ya umphawi waukulu ku America, anthu ena a ku Glen Rose, m'mbali mwa mtsinje wa Paluxy ku Texas, ankasema mapazi akuluakulu a munthu pa miyala ndi kuwagulitsa. Kwa zaka zambiri Akhristu ena analalikira kuti miyala ya ku Paluxy ndi umboni wakuti anthu anayenda pamodzi ndi zinyama zazikulu zija zakale zotchedwa madinosa. Asayansi a mpingo wathu a ku Loma Linda anapita kukafufuza, nacheka ina mwa miyalayo pakati. Mu 1975 Berney Neufeld analemba m'magazini ya Origins kuti umboni wa mapazi a munthu kumeneko ndi wosagwira. Uthengawu sunakondweretse abale ena, koma unali woona.

Werengani Yobu 13:7-10. Kodi Mulungu amalandira bodza lonenedwa pofuna kumuteteza Iye?

TSIKU LACHINAYI: Funso la Zaka (Yobu 38:1-7, Genesis 1:1, 2, Ahebri 11:3)

Kodi ndi funso lotani limene Yehova anayamba nalo poyankha Yobu, ndipo ndani mwa anthu angaliyankhe? Yobu 38:4.

Apa tafika pamalo pamene sitiyenera kuzemba. Akatswiri a miyala amati komatiite wa ku Barberton ali ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 3,500, ndipo wa ku Belingwe mamiliyoni 2,700. Miyala ya m'chigwa chathu cha Lilongwe, imene inaphikidwa ndi kupsinjidwa pansi pa nthaka, amati ndi yaing'ono msinkhu poyerekeza ndi imeneyo. Manambalawa sachita kuwalota. M'phulusa louma limene lili pakati pa miyalayo amapezamo timiyala tating'ono kwambiri totchedwa zircon. M'kati mwake muli uranium, amene amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro limene linayezedwa. Poyerekeza kuchuluka kwa ziwirizi amawerengera zaka, ndipo oyeza a m'maiko osiyanasiyana amapeza manambala ogwirizana.

Mpingo wathu umaphunzitsa kuti Mulungu analenga m'masiku asanu ndi limodzi enieni, osati kale kwambiri, napumula tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mau a chiphunzitso chimenechi anatsindikizidwa pa msonkhano waukulu wa ku San Antonio mu 2015. Pakati pa ophunzira athu, ena amawerenga Genesis 1:2 namva kuti thanthwe ndi madzi zinalipo kale, zopanda maonekedwe, tsiku loyamba lisanafike. Ena amati zonse zinalengedwa m'sabata yomweyo. Ganizo loyambalo limachepetsa vuto koma silithetsa, pakuti m'miyala ya ku Barberton ofufuza amanenanso za zizindikiro za tizamoyo tosaoneka ndi maso. Chifukwa cha mafunso otere mpingo unakhazikitsa bungwe la Geoscience Research Institute mu 1958, ndipo likugwirabe ntchito.

Tsono mwana wathu akabwera ku tchuthi kuchokera ku koleji ya Bunda kapena ku yunivesite ku Zomba, nafunsa za zaka za miyala, tidzamuyankha chiyani? Tikamuuza kuti aphunzitsi ake onse ndi abodza, iye amene waona mmene amagwirira ntchito adzadziwa kuti tanena chimene sitinachifufuze, ndipo adzayamba kukayikira zina zonse zimene tinamuphunzitsa. Tikamukalipira kuti asafunsenso, adzapita kukafunsa kwina, ndipo mpando wake m'Sukulu ya Sabata udzatsala wopanda munthu. Chabwino n'kumuuza moona chimene oyeza apeza, kumuuza moona chimene timakhulupirira ndi chifukwa chake, ndi kuvomera kuti pali mfundo zimene sitinathe kuzilumikiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yobu sanapatsidwe yankho la funso lililonse, koma anaonana ndi Mulungu, ndipo Mulungu anati Yobu wofunsayo ndiye ananena zoona za Iye, osati abwenzi ake odziwa zonse aja (Yobu 42:7).

Kodi m'kalasi mwathu wachinyamata angafunse funso lovuta popanda kuyesedwa wopanduka?

TSIKU LACHISANU: Mwala Wosayenera Kuusuntha (Miyambo 22:28, Levitiko 25:23)

Kodi nthaka ndi ya yani, ndipo ife tili ndani pa nthakapo? Levitiko 25:23, Masalmo 24:1.

Mwala wosowa uli ndi mdani amene amadzitcha bwenzi lake. Mlendo aliyense wofika pa thanthwe lotchuka amafuna kugumulako kachidutswa kokaonetsa kwao. Mmodzi akagumula sizioneka. Akagumula chikwi, thanthwe latha, ndipo palibe ng'anjo yoti iliumbenso. Mu 2018 bungwe la UNESCO linaika mapiri a Barberton Makhonjwa pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. M'mbali mwa msewu wokwera mapiriwo anaikamo zikwangwani zofotokoza miyala, kuti anthu aziiona ili pamalo pake, n'kuisiya pomwepo.

Ifenso tili ndi matanthwe otere. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula za makolo pa miyala, ndipo anaikidwa pa mndandanda womwewo mu 2006. Mwana wa sukulu wolemba dzina lake ndi khala pamwamba pa zojambulazo amafafaniza m'kanthawi kochepa chimene chinapirira mvula ya mibadwo yambiri. Ku Malingunde, kufupi ndi kwathu kuno, kunapezeka graphite, wakuda uja wa m'kati mwa pensulo, ndipo kulikonse kumene kwamveka chuma cha pansi, mikangano ya malire a minda imabuka. Lemba loletsa kusuntha mwala wa m'malire linalembedwera nthawi zotere. Werengani Miyambo 23:10, 11, ndipo onani amene amaimira ana amasiye pa mlandu wa munda.

Sitikunena kuti kuphwanya miyala ndi tchimo. Amai a pa Nathenje aja akudyetsa ana ao ndi thukuta loyera, ndipo makachisi athu omwe aima pa miyala imene iwo anaphwanya. Mdindo wokhulupirika amasiyanitsa chimene chapatsidwa kuti tichigwiritse ntchito ndi chimene chapatsidwa kuti tichisungire adzukulu. Amafunsa chilolezo kwa mwini malo ndi kwa boma asanakumbe, amalipira wophwanya miyala mtengo woyenera, ndipo amakwirira dzenje limene wakumba kuti mwana wa mnansi asamiremo m'dzinja.

Pamene tinkamanga nyumba yathu kapena kachisi wathu, kodi tinawalipira bwanji amene anatiphwanyira miyala? Werengani Yakobo 5:4.

TSIKU LOKONZEKERA: Kuphunzira Mopitiriza

Werengani 1 Petro 2:4, 5, Yesaya 51:1, Chivumbulutso 2:17.

Petro, amene dzina lake lomwe litanthauza mwala, akutitcha ife miyala yamoyo yomangidwa pa Khristu. Yesaya akuuza anthu a Mulungu kuti akumbukire thanthwe limene anasemedwako. Chotero funso la sabata ino latembenukira kwa ife. Anansi athu akamationa pa msika, pa chigayo ndi pa bwalo la milandu kwa amfumu, amawerenga kalata imene tanyamula yakuti ndife osunga malamulo a Mulungu, ndipo amayesa ngati mwalawo ukugwirizana ndi kalata yake. Sabata imene tiilandire dzuwa likamalowa lero ndi chikumbutso cha Mlengi, monga mulu uja wa pa Giligala. Munthu wonamiza mnzake pa sikelo mkati mwa sabata, n'kudzaimba za chilengedwe pa Sabata, wasokoneza umboniwo.

Kwa wolakika Yesu walonjeza mwala woyera wolembedwa dzina latsopano. Wolemba dzinalo ndi Iye amene adziwa dzenje limene anatitolamo, tsiku limene anatitola, ndi mtengo umene analipira.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Mbale wina wapeza mwala wonyezimira m'munda wa mai wamasiye umene iye akubwereka. Wogula wafika ndipo akuti asauze munthu. Kodi kalasi lingamulangize zotani?

2. N'chifukwa chiyani nkhani yotikomera timaikhulupirira msanga popanda kufunsa kumene yachokera? Tchulani nkhani zotere zimene zimayenda pa mafoni athu m'dzina la chipembedzo. Tiyenera kuchita chiyani tisanazitumize kwa ena?

3. Kodi tingawathandize bwanji ana athu amene akuphunzira sayansi kuti akhale oona m'kalasi ndi oona m'kachisi?

4. Kodi mpingo wanu uli ndi buku losunga mbiri yake? Ndani mwa okalamba amene muyenera kukacheza nawo mwezi uno, mau ao asanapite nawo kumanda?

MWACHIDULE: Komatiite ndi mwala wosowa wochokera m'moto umene palibe munthu anauona. Phindu lake kwa ophunzira lagona pa kukhulupirika kwa amene anautola ndi kulemba za iwo. Momwemonso Mulungu afuna kuti tinene zoona za miyala, za malonda athu, za mbiri yathu ndi za malire a nzeru zathu, ndi kusunga bwino dziko limene anatibwereka.